Denga la Achimwene

Inali itangokwana folo koloko madzulo. Mvula inali itakata koma mitambo inali isanachoke, ndipo pabwalo panali pakununkha. Chemba cha suweji, dzenje la simenti lokhala ndi chivundikiro chachitsulo pafupi ndi geti, chinali chitasanzanso. Madzi akuda anayenda mpaka pansi pa katungwe wa ana, n'kusiya mapepala ndi zina zosatchula pamchenga.

Aphunzitsi, eni sukulu ya mkaka ya pakhomopo, analowa m'nyumba n'kuika chitini patebulo patsogolo pa amuna awo. M'chitinimo munali misomali isanu ya malata, yadzimbiri, ndi masamba owola.

"Mayi, chotsani zimenezo. Timadyera pamenepa."

"Ndazitsuka ndi kolorini, musaope. Ziyang'aneni bwino, a Sipanala, paja ndinu pulambala wotchuka msewu uno. Azivuula a Jombo a ku khonsolo m'chembamo inu muli kuntchito. Andifunsa funso, ine n'kusowa poyang'ana. Akuti, misomali ya padenga ikufuna chiyani m'paipi ya zimbudzi?"

A Sipanala anatola msomali umodzi, kuutembenuza, n'kuubwezera m'chitini.

"Paipi ya khonsolo ndi yakale. Anaiika msewu uno uli ndi nyumba zowerengeka. Mlandu ndi wawo."

"Ndawauza zomwezo, kukuikirani kumbuyo ngati chitsiru. Angoseka. Akuti za m'zimbudzi zokha paipiyo imazikwanitsa, n'chifukwa chake chilimwe chonse chemba chimakhala chete. Koma mvula ikangogwa mphindi khumi chimayamba kubwata ngati mphika. Ndiye akuti alipo amene akuimwetsa paipiyo madzi a padenga. Khoswe wapadenga waulula wapadzala, bambo. Nyumba zingati?"

"Mukundizenga mlandu m'nyumba mwanga momwe?"

"Ndikufunsa nambala basi. Ine ntchito yanga n'kuphunzitsa kuwerenga. Zingati?"

A Sipanala anayang'ana kuwindo. Msewu wawo unali wotsetsereka, ndipo nyumba yawo ndiyo inali yomaliza kumunsi. Ngalande ya m'mbali mwa msewu inakwiririka kalekale ndi mchenga ndi zinyalala, moti anthu a kumtunda ankadandaula kuti madzi akuima m'mabwalo mwawo. Iwo anali ndi kanjira kawo. Ankatenga mapaipi otsitsa madzi a padenga n'kuwalumikiza pansi pa nthaka ku paipi ya zimbudzi. Bwalo linkauma, mwini nyumba n'kuuza mnzake.

"Khumi ndi zinayi," anatero.

"Ndi ya achimwene anu yomwe?"

"Khumi ndi zisanu."

Aphunzitsi anakhala pampando. Anatulutsa pepala m'thumba la epuloni n'kuliyala pambali pa chitini chija.

"Mayi wa zaumoyo anabwera limodzi ndi a Jombo. Anandipeza ndikutulutsira ana kumbuyo, kuwadumphitsa mpanda mmodzimmodzi ngati katundu wakuba. Ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Werengani. Chikadzasanzanso kamodzi, sukulu atseka, ndipo siidzatsegulidwanso pamalo pano."

"Ndichimata chivundikirocho ndi simenti."

"Kuti zikatulukire m'bafa mwathu? Ine si pulambala, koma ndakhala naye pulambala zaka makumi awiri. Madzi saiwala khwawa. Inu ndi amene munawalozera khwawa lake, ndipo ndi pakhomo pano."

"Ndiye mukufuna ndizigogoda khomo ndi khomo, n'kumati pepani, ntchito ndinakugwirirani ija ndinalakwitsa? Pulambala wodzitsutsa yekha adzamuitananso ndani? Aliyense amachita zimenezi, mayi. Sindinayambe ndine."

"Aliyenseyo mkazi wake sakolopa manyi a msewu wonse."

Kunja madzi ankadontha padenga.

"Mawa ndi Loweruka," anatero Aphunzitsi akuimirira. "Ine nditenga fosholo, ndikayamba kufukula ngalande. Inu mukafuna muzidzandionerera pawindo."

M'mawa mwake anayambadi. Anali atafukula malo osakwana mikono iwiri pamene a Sipanala anatulukira ndi wilibala ndi piki.

"Mukugwira fosholo ngati choko. Bweretsani kuno."

Ngalandeyo inawadyera masiku anayi. A Jombo, bambo wamfupi amene sanaonekepo osavala jombo zake zofika m'mawondo, ankabwera kudzathandiza akaweruka. Anavuulamo matayala, mabotolo, theka la matiresi ndi chitseko cha fuliji.

"Msewu uno ndi wa anthu olemera," anatero a Jombo. "Zabwino zonse mumasunga m'ngalande."

Kenako inafika ntchito imene a Sipanala ankaiopa. Anayambira kwa telala.

"Chaka chatha munakumba n'kukwirira," anatero telala, tepi ili m'khosi. "Lero mwabwera kudzafukula. Chaka chamawa ndikudikireni mudzakwirirenso?"

"Ndinalakwitsa, a Telala. Madzi anu akutulukira pakhomo panga atasanduka zina."

"Mwawazindikira bwanji kuti ndi anga? Ali ndi ulusi?"

Anaseka yekha mpaka kutsokomola, koma anawatsegulira. A Sipanala anadula paipi, kutseka kukamwa kolowera ku suweji ndi simenti, n'kukumba kangalande kotulukira kumsewu. Pamene bwalo linali lotsika kwambiri ankakumba dzenje n'kulidzaza ndi miyala kuti madzi azilowa pansi.

Mayi wa golosale anakana kawiri. Kachitatu anapita Aphunzitsi okha, n'kumupempha kuti atsike adzamwe tiyi pansi pa katungwe. Mayiyo anatsika, anaima pageti mpango uli pamphuno, ndipo tiyi sanamwe. Anavomera tsiku lomwelo, koma anauza a Sipanala pamaso kuti mpopi wake ukadzathyoka adzaitana wina. Foni ya a Sipanala inayambadi kulira mwa apo ndi apo. Iwo sananene kanthu kunyumba. Madzulo ankangoviika manja awo a matuza m'madzi amchere.

"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha," ankatero Aphunzitsi, akuchonga nyumba ina pa kapepala komwe anamata kuseri kwa chitseko.

Pakutha pa sabata yachiwiri zinali zitachongedwa khumi ndi zinayi. Kunagwa mvula yapakatikati, ndipo chemba sichinasanze. Itakata, a Jombo anatukula chivundikiro n'kupisamo ndodo. Inatuluka yonyowa, kupatula kumapeto kwake malo ofanana ndi chikhatho.

"Denga la akulu anu lija palokha ndi lofanana ndi madenga a nyumba zisanu ndi imodzi," anatero. "Ikadzabwera yamphamvu, ndodo iyi idzanyowa yonse."

Lamulungu masana a Sipanala ndi Aphunzitsi anakwera kumtunda. Achimwene a Sipanala anali pulambala kale, msana usanawavute. Tsopano anali ndi zipinda khumi ndi ziwiri za lendi zozungulira bwalo limodzi, zonse pansi pa denga limodzi lalikulu. Anawapeza pakhonde akumwa tiyi.

"Ndamva kuti wasanduka mfuko, mphwanga. Ukufukula msewu wonse."

"Tabwerera nkhani yomweyo, achimwene. Mapaipi anu anayi aja. Ndikupempha ndiwadule, ndikumbe kangalande pabwalopa, tiboole khoma pansi, madzi azitulukira kumsewu. Ntchito ya masiku awiri. Ndigwira ndekha."

"Uswe bwalo langa? Njerwa za simenti izi ndayala chaka chomwe chino. Taona zitseko za alendi anga mmene zatsikira. Madzi akaima pano alowa m'zipinda."

"N'chifukwa chake ndikuti kangalande."

"Iwe, sipanala imene anakutchulira dzinayo anakugwiritsa ndani? Unabwera kwa ine usakusiyanitsa elibo ndi soketi ya paipi. Kanjira kameneka ndinakuphunzitsa ndine, ndipo kakudyetsa zaka zonsezi. Lero kanunkha?"

"Kanunkha, alamu," anayankha Aphunzitsi. "Tsikani mudzanunkhize."

"Alamu, ndikuyankhula ndi mng'ono wanga. Koma poti mwalowerera, imvani. Walira mvula walira matope. Malo a kumunsi aja munasankha nokha, maso ali gwa. Sukuluyo isamutseni. Ana angaimbe paliponse."

"Matope sindiwakana, alamu. Matope ndimakolopa ndikuimba nyimbo. Koma izi si matope. Mwana wa zaka zitatu chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Tsiku lija ndinalanda m'manja mwa kamtsikana kena chinthu choti sindingachitchule inu mukumwa tiyi."

Achimwene anaika kapu pansi n'kutembenukira kwa mng'ono wawo.

"Wamva mmene akundiyankhira? M'nyumba muja ndiwe mwamuna kapena wantchito? Chibale ndi fupa, mphwanga, sichiola. Sukulu lero ilipo, mawa palibe."

"Sichiola, achimwene. N'chifukwa chake ndabwera wopanda sowo, kudzapempha."

"Wapempha, ndakana. Kauze khonsolo iike paipi yaikulu. Ndiyo ntchito yawo."

"Ndi zoona, ndi ntchito yawo. A Jombo akuti kalata yake ilipo, koma si chaka chino."

"Ndiye dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo mvula siiopa, alamu," anatero Aphunzitsi. "Ife tikuiopa."

Potsika, atadutsa pa telala, Aphunzitsi anafunsa:

"Ndipite ndekha kwa mayi wa zaumoyo, ndikawanenere?"

"Musatero, mayi. Ndi mkulu wanga. Ndiyesanso."

Anayesanso Lolemba, achimwene n'kukweza wailesi. Lachiwiri mlendi wina anawauza kuti achimwenewo achoka, nsapato zawo zili pakhomo.

Lachitatu cha m'ma leveni koloko kunada ngati madzulo. A Sipanala anali pakhonde akupukuta zida, poti tsikulo palibe amene anawaitana. Mvula inabwera ndi mkokomo, ya madontho akuluakulu. M'kalasi ana ankaimba nyimbo ya masiku a sabata, Aphunzitsi akuwakwezetsa mawu kuti asamve mabingu.

A Sipanala anaika maso pa chivundikiro. Kabowo ka pakati pake kanayamba kuimba mluzu. Kenako kanalavula. Kenako chivundikiro chonse chinayamba kugwedera, kudzuka mbali imodzi n'kugwanso, ndipo m'mbali mwake munatuluka mzere wakuda.

Aphunzitsi anaima pakhomo la kalasi, choko chili m'manja.

"Bambo."

A Sipanala anatenga sowo ndi piki n'kuthamangira kumtunda. Ngalande imene anafukula ija inali itadzaza, madzi amatope akutsika mwaukali, opanda fungo.

Geti la achimwene linali lotsegula. Anapita pa paipi yoyamba n'kuidula cha m'mawondo, kuti madzi a pabwalo asadzalowerenso pa chitsa chake. Madzi anawamenya pachifuwa. Atadula yachiwiri, alendi anayamba kukuwa m'mawindo, ndipo achimwene anatulukira ndi ambulera.

"Iwe! Wapenga?"

"Chikusanza, achimwene. Ana ali m'kalasi."

"Siya sowoyo!"

Anawagwira mkono. A Sipanala anaima, madzi akuyenderera kumaso.

"Ndimenyeni ngati mukufuna, sindibwezera. Koma mkono uwu usiyeni. Watsala ndi mapaipi awiri."

Ambulera inatera pamsana kawiri, kachitatu n'kuthyoka. Iwo anapitiriza kucheka. Paipi yachinayi itaduka, madzi anali atafika mu akakolo n'kupitirira, ndipo anali akunyambita zitseko.

"Matiresi anga!" anakuwa mayi wina. "Inu a landilodi, m'bale wanuyu atimiza!"

A Sipanala anathamangira pakona yotsika ya bwalo, kutukula njerwa za simenti ndi piki, n'kuyamba kumenya khoma pansi penipeni. Mlendi wina, mlonda amene phokoso linamudzutsa kutulo take ta masana, anatuluka ndi chitsulo n'kuwathandiza osafunsa kanthu. Njerwa zitatu zinachoka. Madzi anapeza njira, n'kukhuthukira mu ngalande ya kumsewu. Anali atalowa kale m'zipinda ziwiri.

Achimwene anaima pakati pa bwalo, chogwirira cha ambulera chili m'manja.

"Kuyambira lero ndilibe mng'ono. Geti ili usadzalikhudzenso."

"Ndamva. Mawa ndibwera kudzamanga pamene ndaswapa."

"Udzapeza loko."

Atafika kunyumba, a Sipanala anapeza chivundikiro chitakhala chete, ngakhale mvula inali isanakate. Mozungulira chembacho munali chibanga chakuda chachikulu ngati mphasa. Aphunzitsi ankathirapo kolorini, ana atamata nkhope pamagalasi. Anayang'ana malaya ong'ambika a amuna awo.

"Akumenyani?"

"Yavulala ndi ambulera."

"Kavuleni zimenezo, madzi ali pamoto."

M'mawa mwake mayi wa zaumoyo anafika ndi a Jombo, ana asanabwere. Pabwalo panali poyera. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku n'kutsegula faelo yake.

"Mvula ya dzulo ija, pano panali bwanji?"

"Chinatulutsa," anatero Aphunzitsi. "Kuchokera apa kufika apa. Ana anali m'kati, palibe anapondapo."

"Ndinati kamodzi, amayi. Munawerenga."

"Ndinawerenga."

A Sipanala anatulutsa pepala m'thumba. Anali atajambulapo msewu wonse, nyumba khumi ndi zisanu, pamene paipi iliyonse inkalowera ku suweji, n'kusaina pansi.

"Zonsezi ndinalumikiza ndine. Zonsezi ndadula ndine. Yomaliza ndinadula dzulo mvula ili m'kati, ndipo chinasiya nthawi yomweyo. Musamve za ine. Yendani mukaone."

Mayiyo analandira pepalalo, kenako anakodola a Jombo. Anakwera msewu ndi pepala lija. Awiri otsalawo anakhala pakhonde kudikirira. Makolo anayamba kufika ndi ana, ndipo Aphunzitsi anawapempha kuti adikire kaye pageti.

Patatha ola mayi wa zaumoyo anabwerera, nsapato zili matope okhaokha.

"Mvula ya dzulo inagwetsa mpanda kwathu," anatero. "Mapaipi ndawaona, onse adulidwadi, ndiye sinditseka lero. Mchenga wa pakatungwe muuchotse wonse, muike wina, ana asaseweremo mpaka ndidzauone. Mvula ina yamphamvu ikagwa, ine ndidzakhala pano isanakate. Akulu anu ndawauza kuti akangolumikizanso, kalata yotseka idzakhala yawo. Koma pepala ili ndikupita nalo, a Sipanala. Khonsolo ikuitanani, ndipo sikuti ikakupatsani mendulo."

"Ndikudziwa."

Aphunzitsi anatsegula geti. Ana analowa akuthamanga, iwo n'kumawakuwira kuti adutse m'mbali.

A Sipanala anakweza thumba la simenti, mchenga ndi chipande chomangira pa wilibala n'kuyamba kukankha chitunda. Pageti la achimwene panalidi loko watsopano. Sanagogode. Anazungulira kunja kwa khoma mpaka pa bowo lija, kutunga madzi mu ngalande, n'kuyamba kukanda dothi la simenti pamsewu pomwepo.

Anali atathira mchenga kanayi pamene mawu anamveka kuseri kwa khoma.

"Mchenga wachuluka umenewo. Malo odutsa madzi amafuna mafosholo atatu a mchenga pa imodzi ya simenti. Ndinakuuza kangati?"

"Ndamva, achimwene."

Geti silinatseguke. A Sipanala anawonjezera fosholo ya simenti, kusakaniza, n'kugwada kuti ayale njerwa yoyamba.